Tambala Amene Anandichotsetsa Sukulu

Anthu amati nkhani zakale tizizisiya. Azisiye okha! Ine yangayi sindiisiya, ndipo ndikuilemba pano mkwiyo udakalipo.

Ndinali mu Folomu 4 pa sekondale ina yogonera komweko, kufupi ndi nyanja m'boma la Salima, nthawi ya chipani chimodzi ija. Kwathu ku Lifuwu ndinali mtsikana yekhayo wa m'mudzi mwathu amene anafika kumeneko. Amalume anga ankangoti mwana wamkazi wa Chisilamu akusakanji ku sekondale, akwatiwe basi. Bambo anga ankawayankha mofatsa kuti musiyeni, akalemba mayeso, Insha Allah, adzakhala mphunzitsi. Mayesowo anali atatsala miyezi itatu yokha.

Bambo ankalemba maina pa maboti a asodzi ndi pa makoma a magolosale. Ndinakulira pambali pa zitini za penti. Anandiphunzitsa kugwira bulashi, kusungunula penti ndi parafini, ndi kumenya mzere woongoka ndi chingwe chopaka makala. Choncho kusukulu chikwangwani chilichonse chinali changa. Akafuna kulemba "Musaponde kapinga", ankaitana ine.

Chaka chimenecho kunabwera aphunzitsi atsopano a sayansi. Anali ataphunzira kunja, ndipo anabwera ndi kakamera kojambulira kanema, kopukusa ndi dzanja, kolira ngati makina osokera. Tinkawakonda, ndisaname. Ankatiseketsa m'kalasi, ankatitchula kuti akatswiri. Anayambitsa kagulu ka kanema, ndipo anyamata a m'kalasi mwathu anapeka nkhani yoopsa ya msodzi amene anzake anamusiya akumira, kenako mzimu wake ukubwerera kumudzi kudzawatenga mmodzimmodzi. Mnyamata wina wamtali, wosewera msodziyo, ankamupaka ufa wa kondoole kumaso n'kumuika udzu wa m'madzi kumutu. Kumapeto sing'anga ankapha tambala kuti mzimuwo ugone. Ine m'seweromo sindinalowe. Ntchito yanga inali ya poyambira.

"Kanema weniweni sayamba ndi anthu," anatero aphunzitsiwo tili pansi pa mtengo wa mango. "Amayamba ndi chizindikiro cha amene amupanga, kenako mutu wake. Munthu aziopa asanaone kalikonse. Iwe wa bulashi, imeneyo ndi yako."

Anyamata ena ankafuna chizindikirocho chikhale kadzidzi, ena ng'ona. Aphunzitsi anakana zonsezo. Anati chikhale tambala wa sing'anga uja, wodulidwa khosi, magazi akuchucha.

Ngakhale mwana wa Sitandade 1 ankadziwa kuti tambala wakuda ndi chizindikiro cha chipani, ndipo masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha nthabwala ya pa mowa. Ine ndinafunsa, pakamwa pangapa: "Aphunzitsi, tambala? Sitipalamula?"

Anaseka. "Wa chipani ndi wakuda, mwana iwe. Iwe ujambule wofiira, wofiira psuu, ngati amene asing'anga amafuna. Ndani angasokoneze zimenezo?"

Ndinawakhulupirira. Nanga anali aphunzitsi, a sayansi kumene, obwera kunja.

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wanga wonse. Bambo ananditumizira kachitini ka penti wofiira wa maboti. Ndinapaka matabwa awiri penti woyera. Pa loyamba ndinajambula tambalayo, mapiko atatambasula, mutu uli pansi pambali pa mapazi ake, diso lili tong'o. Pa lachiwiri ndinalemba mutu wa kanemayo, WOMIRA WABWERA. Zilembozo ndinazilemba ndi penti wamadzimadzi n'kupendeketsa thabwa kuti chilembo chilichonse chidonthe chokha. Ndinabwereza kanayi chifukwa madontho ankathamanga kwambiri n'kulumikizana. Tsiku lojambula ndinakwera pa desiki kuseri kwa thabwa n'kumadonthezera penti pakhosi pa tambala ndi kansalu, kuti magaziwo azioneka akuyenda. Kamera anagwira ndi aphunzitsi eni ake, ndipo atamaliza anati, "Mtsikana uyu ali ndi manja a golide." Ndinagona osadya tsiku limenelo chifukwa cha chimwemwe. Uchitsiru wake!

Filimu ankaitumiza kutali kukatsukidwa, ndipo inatenga milungu yambiri. Nthawi yomweyo babu la makina oonetsera linali litapsa. Filimuyo ndi babu latsopano zinafika pa basi imodzi, m'mawa wa Loweruka lomwe tinayenera kuonetsa, moti palibe anaionera pasadakhale. Ahedi anali ataitana kale a tcheyamani a chipani a dera lathu, chifukwa nthawi imeneyo anthu sankasonkhana popanda iwo. Anabwera ndi anyamata awo a malaya ofiira aja, n'kukhala pa mipando ya kutsogolo.

Anali masana, dzuwa la ku Salima likuswa mtengo. Tinatseka mazenera a holo ndi mabulangete a ku hositelo, tinapachika nsalu yoyera kukhoma, jenereta n'kuyamba kulira panja. M'holomo munali thukuta lokhalokha, koma ine sindinkamva kutentha. Ndinkadikira kuti sukulu yonse ione ntchito yanga.

Kuwala kunagwa pansalu. Tambala wanga anaonekera, wamkulu ngati chitseko, magazi akuyenda bwinobwino monga ndinafunira. Koma anali wakuda. Wakuda bii!

Tinkadziwa tonse kuti filimuyo inali yotchipa, yopanda mitundu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti filimu yotere chofiira chokhathamira imachisandutsa chakuda. Ndikanadziwa bwanji? Ine ndinkadziwa penti, osati za m'kati mwa kamera.

Kamwana kena ka Folomu 1 kanafuula kuti, "Tambala wakuda!" n'kuseka. Kenako kanazindikira kuti kakuseka kokha. A tcheyamani anaimirira, mthunzi wawo unaphimba theka la nsalu.

"Zimitsani!"

Anyamata a malaya ofiira anakoka mabulangete onse, dzuwa n'kulowa. Msodzi womira uja palibe amene anamuona, mpaka lero. Kanema wathu yense anathera pa thabwa langa loyamba.

Ndisanaitanidwe n'komwe ndinathamangira kuchipinda chosungira katundu n'kutenga thabwalo. Mumtima ndinkati nkhani yake ndi yosavuta, angoona okha. Ndinalowa nalo muofesi ya ahedi. Munali ahediwo, a tcheyamani, ndi aphunzitsi a sayansi ataima pakona. Ndinagwada n'kuliimika patsogolo pawo.

"Bwana, onani. Ndi wofiira."

A tcheyamani analiyang'ana kamodzi kokha. "Ndiye ukuti maso angawa ndi abodza?"

"Ayi bwana, koma kamera ndi imene..."

"Khala chete! Wajambula awiri iwe. Wakudayo wabisa kuti? Wakutuma ndani?"

Ndinatembenukira kwa aphunzitsi anga. Munthu amene anatiphunzitsa za kuwala ndi mitundu teremu yathunthu, ndi kagalasi kake kogawa dzuwa. Zinkangofunika mawu ochepa. Akanatha kutenga kamera, kujambula malaya ofiira a anyamata aja, n'kuonetsa kuti nawonso atuluka akuda.

"Aphunzitsi, auzeni," ndinatero. "Auzeni chonde."

Anayang'ana nsapato zawo. "Bwana tcheyamani, ine ndinawauza anawa kuti ajambule kadzidzi. Mbali ya poyambayo anajambula okha, ine ndinangowabwereka kamera. Za tambalazi ndaziona limodzi ndi inu."

Mayo ine! Ndinakuwa kuti akunama, ndipo ahedi anandiwaza khofi lomwe ndinalimva mpaka m'mano. Anaitana anyamata a m'gulu lathu mmodzimmodzi, ndipo aliyense anangoti sakukumbuka. Amenewo sindiwasungira kanthu. Anali ana ngati ine.

Ahedi anali munthu wochenjera pa zodzipulumutsa. Anawanyengerera a tcheyamani kuti nkhaniyi isafike kupolisi, ingaipitse dzina la sukulu ndi la dera lawo lomwe. Ndi kamtsikana kopanda nzeru, anatero, tikachotsa lero lomwe. Filimu anaiotcha pabwalo. Thabwa langa anyamata a malaya ofiira analiwaza ndi nkhwangwa ya kukhitchini, ndipo zidutswa zake zinaphikira nyemba za madzulo. Ine anandipatsa kalata, ndipo chifukwa chimene analembamo chinali chokwanira kuti sukulu ina iliyonse isandiyandikire.

Ndinafika ku Lifuwu ndi sutikesi pamutu pakati pa teremu. Azimayi amene ankapalira mpunga m'minda anaweramuka kundiyang'ana, ndipo ndinadziwa chomwe ankaganiza, kuti ndatenga mimba. Ena mwa iwo anamwalira akuganizabe choncho, chifukwa zoona zake sitikanazinena mokweza.

Bambo anawerenga kalatayo kawiri. Anati, "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire. Penti wanga uja?" M'mawa mwake anavala mkanjo wawo wa Lachisanu, anatenga chitini chotsala cha penti yemweyo, n'kupalasa njinga mpaka kusukulu kuti akawaonetse. Mlonda anawabweza pageti. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, chitini chili pamiyendo, ahedi osatuluka. Anabwerera kunyumba, ndipo kuyambira pamenepo amalume akayamba za ukwati, bambo sankayankhanso. Anzanga ankalemba mayeso ine ndikupeta mpunga. Chaka chisanathe ndinakwatiwa. Mwamuna wanga anali munthu wabwino, Mulungu amuchitire chifundo, ndipo mlanduwu si wake. Tinasamukira ku Khombedza, komwe ndakhala ndikulemba zikwangwani za mabutchala, masaluni ndi zigayo mpaka lero.

Ndinene chilungamo. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuwamvetsa aphunzitsi aja. Anali ndi mkazi ndi khanda. Akanavomera, iwo sakanangochotsedwa ntchito, akanatengedwa, mwina osabwerakonso. Mantha a nthawi ija ndikuwadziwa, ndinawalawa. Ndinkadziuza kuti munthu wamantha si mfiti, ndipo pang'onopang'ono mtima unayamba kutsika. Akanabwera tsiku lina n'kungoti pepa mwana wanga, ndinaopa, ndikanawapatsa mpando ndi madzi akumwa.

Anabweradi, koma osati kudzapepesa. Zipani zitachuluka, tsiku lina la msika kunafika galimoto ya zimkuzamawu pa Khombedza. Ndinali ndi mwana wanga wamkazi, wamkulu kale, tikuchokera kolemba chikwangwani cha golosale. Pamwamba pa galimotoyo panaima bambo wonenepa wa suti, wofuna kuti timusankhe. Mawu ake ndinawazindikira ndisanaone nkhope.

"Ena akuyamba kulankhula lero," ankatero, "koma ine ndinalimbana ndi ulamuliro uja nthawi imene aliyense ankanjenjemera! Ndili mphunzitsi konkuno ku Salima ndinapanga kanema. Ndinaika tambala wakuda wodulidwa mutu, dala, pamaso pa tcheyamani! Anaotcha kanema wanga, koma ine sindinagwedezeke!"

Anthu anakuwa, azimayi nthungululu. Koma abale! Ine m'maso munada. Sindikudziwa mmene ndinadutsira m'khamu lija, ndinangopezeka ndili pansi pa galimoto ndikukuwa.

"Bodza! Bodza limenelo, aphunzitsi! Tambalayo ndinajambula ndine, ndi penti wa maboti, ndipo inu munandikana muofesi! Filimu ndi imene inamudetsa, inu mukudziwa!"

Anandiyang'ana. Ndikulumbira kuti anandizindikira, chifukwa pakamwa panayamba kaye pagwedera. Kenako anamwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa m'kalasi, n'kubwezera chimkuzamawu kukamwa.

"Mwawamva amayiwa? Akuti filimu imapaka penti yokha!" Anthu anaseka. "Musawaseke, si kulakwa kwawo. Za makamera n'zovuta kwa munthu amene sanapite patali ndi sukulu. N'chifukwa chake ine ndikuti mukandisankha, mwana wamkazi aliyense m'dera lino adzamaliza Folomu 4!"

Anawomba m'manja msika wonse. Mwana wanga, amene nkhaniyi ndinali ndisanamuuzepo, anandigwira pamkono n'kundikokera kumbuyo.

"Amayi, tiyeni tizipita," anandinong'oneza. "Mukutichititsa manyazi."