Mwera wa a Salum

Ndiyambe ndi kupepesa kwa amene akuwerenga uku akudya. Nkhaniyi ndi ya m'mimba. Ndayesetsa kusankha mawu aulemu, koma ena andikana. Amalume anga a Salum andilola kulemba, bola ndisanene kuti ndi afupi. Sindinena.

Kwathu ku Cobue boti silifika pamchenga penipeni. Wotsika amasankha kunyowa mpaka m'chiuno kapena kukwera pamapewa pa munthu. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, munthuyo anali a Salum. Ananyamula simenti, mbuzi, masisitere, mkwatibwi wa ku Likoma pamodzi ndi diresi lake, ngakhalenso bwana wina wonenepa amene anawagwira makutu ngati akuyendetsa njinga. Sanagwetsepo munthu, kupatula mlamu wawo a Abdala, ndipo apo amati anachita dala.

Chaka chatha matumbo awo anapotana. Kuchipatala chachikulu kumtunda madokotala anadula mbali yowonongeka, n'kutulutsa nsonga ya thumbo pamimba, kumanzere kwa mchombo. Pamenepo amamatapo kathumba kolandira chimbudzi, mundikhululukire. A Salum amapatchula kuti khomo la kumaso, poti la kuseri linapuma pantchito.

Tsiku lotuluka, namwino wina dzina lake Ines anawalangiza. Iyeyu anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, choncho anasiya Chipwitikizi n'kuyankhula chathuchi kuti amalume amvetse bwino.

"Bambo, mimba yanu ili ndi bowo tsopano. Muziilimbitsa ndi mafizo ali papepalapa. Chachikulu, muziopa mwera. Ukabwera mwera, zonyamula zatha."

"Mwera ndimaudziwa kuposa inu, amayi," anatero a Salum.

Apa ndifotokoze mosamala. Mwera ndi mphepo ija imagubuduza mabwato. Koma mwera ndi kutupanso kumene kumadza matumbo akasuzumira pamalo ofooka. Nthawi zambiri timanena za amuna otupa kumusi, koma namwinoyo analibe liwu lina. Iye ankanena matenda. Amalume anamva mphepo. Zakuti anawaletsanso kunyamula zolemera kwa miyezi itatu, amati sanazimve, kunali phokoso.

Pepala la mafizo anakulungira usipa. Bala litangouma, anabwerera kunyanja ndi lamulo lawo: kukachita mafunde, ankakhala pakhonde manja ali lende, n'kumauza odutsa kuti akumvera achipatala. Kukachita bata, simenti pamutu.

Patatha milungu ingapo, pambali pa kathumbako panatupa ngati ndimu. Kathumba kanayamba kumatuka. Tsiku lina kanamatukiratu ali ndi munthu pamapewa, ndipo zotsatira zake sindilemba. Akazi awo a Khairat anawakweza galimoto m'mawa mwake osawafunsa.

Namwino Ines anagwiragwira chotupacho. "Si ndinakuuzani za mwera, bambo?"

"Amayi, ndalumbira, masiku onse ndanyamulawa kunali bata! Funsani aliyense."

Namwino anakhala pansi kaye. Atatha kuseka ndi kupukuta misozi, anawauza zoona zake. Chotupacho sichibwerera chokha. Chikakula, thumbo likhoza kupanika, ndiye kuti mpeni kachiwiri, ngati angafike kuchipatala nthawi yabwino ndi msewu wathu uja. Anawapatsa lamba wotambalala wa pamimba, pepala lina, ndi kuwauza kuti ntchito yonyamula anthu aiiwale.

Mawu omalizawo ndiwo anawapweteka. Anakhala sabata yathunthu osapita kudoko.

Mafizo anayamba chifukwa a Khairat anabisa tiyi. M'mawa uliwonse amalume amagona chagada pamkeka, mawondo m'mwamba, n'kumatulutsa mpweya pang'onopang'ono uku akukokera mchombo kumsana. Amawerenga m'Chipwitikizi mpaka khumi, ati m'Chinyanja manambala ndi aatali, munthu angafe asanamalize. Kenako amapendeketsa mawondo kumanja, kumanzere.

"Limbikani, abambo ake Siti," a Khairat amatero ali pakhomo. "Mutu waoneka! Akhala wamwamuna."

"Choka apa iwe, usandiseketse!" Amatero atagwira pamimba ndi manja onse, monga anawaphunzitsira kuchita akamatsokomola kapena kuseka.

Mwezi watha anabwerera kudoko ndi nsungwi yaitali. Onyamula tsopano ndi a Marcos ndi a Justino. Amalume amaima m'madzi ofika m'mawondo, kuloza pomwe pali miyala ndi kunyoza mayendedwe a anzawo. Ine ndinalipo tsiku limene boti linabwera ndi a Abdala. Nyanja inali phee ngati mafuta m'mbale.

"Alamu!" anakuwa a Abdala. "Lero kuli bata, bwerani mundinyamule. Kapena mwasanduka ntchembere?"

Anthu anaseka. Ndinaona amalume akupereka nsungwi kudzanja lina, phewa likutsika lokha monga linazolowera. Anayenda mapazi awiri. Kenako anaima, n'kuika dzanja palamba.

"Bata ndi la kwanuko, alamu. Kunoko kuli mwera. Tsikani, madzi sadya munthu wosasamba."

A Abdala anatsika, nanyowa mpaka m'khwapa.

Lachisanu lililonse, amalume asanapite kumzikiti, a Khairat amathyola ndimu n'kuiika pambali pa chotupacho kuti aone chachikulu ndi chiti. Ndafunsa kawiri kuti ndisalembe bodza: mpaka lero ndimu ndiyo ikupambana.