Ndinawongoletsa chala cha alamu anga ali m'manda

Inu owerenga, ndivomere ndekha uchitsiru wanga musanaumve kwa akazi anga, chifukwa iwo akamafotokoza amawonjezera zawo. Ine ndinkakhulupirira kuti kiyibodi, limba lija lamagetsi la m'tchalitchi, ndi wailesi chabe imene anaimeretsa mano. Ndinkati nyimbo anaziikamo kale kufakitale, ndipo woimba amangogwedeza mapewa ndi kuyendetsa zala kuti amayi a kwaya amuone. Sukulu ndinalekera panjira, koma pa nkhani zimene sindikuzidziwa ndinali mphunzitsi wamkulu.

Amene ndinkawazunza ndi nzeru zimenezi anali alamu anga a Lufeyo, mlongo wake wa mkazi wanga Nabanda. Tinkakhala moyandikana kuno kwa Lukwa, tonse alimi a fodya. Ali mnyamata pa utenanti, jeke yodindira mabelo inawapana chala cha kumanja, chija choyandikana ndi kachala kotsiriza. Chinapola chokhota, chosapindika bwino. Chaka china fodya atawayendera, anzathu akugula malata ndi njinga, iwo anatulukira ndi kiyibodi pamutu. Anadziphunzitsa okha m'chigafa, ndi batire la galimoto, mpaka mpingo unawatenga kuti aziimbira kwaya.

Ankaimba bwino, ndisaname. Koma chala chija chinkafika mochedwa nthawi zonse, ngati tenanti Lolemba m'mawa, ndipo chikafika chinkagunda mofewa ngati chikupepesa. Ine tikatuluka m'tchalitchi ndinkawafunsa kuti, alamu, kodi wailesi yanu ija batire latha? Iwo ankangoseka n'kundiuza kuti ndikayambe ndaphunzira kuwomba m'manja. Mlamu ndi wosereulana naye, ndipo ife tinasereulana mpaka imvi.

Atayamba kudwala, asanapite kuchipatala ku Boma, anaimba nyimbo imodzi imene ankaikonda n'kuisunga m'kiyibodi muja, kuti kwaya iziphunzirira iwo kulibe. Sanabwerenso ndi miyendo yawo. Kiyibodi inakhala m'nyumba mwa mkazi wawo Nagama, atakutira nsalu. Fumbi la fodya ndi mphemvu zinachita zawo, moti titaiyatsa chaka chotsatira inkangolira mosasa mawu ngati tambala wa chimfine.

Titagulitsa fodya, banja linagwirizana zomanga chiliza, ndipo Nagama anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa tsiku lovundukula nyimbo ija imveke. Udindo umenewo anandipatsa ine. Mwaona kale pamene zinalakwikira.

Ndinakatenga a Mbewe, bambo wa ku Boma amene amajambula makwaya. Anabwera dzulo lake la mwambo ndi kiyibodi yawo yatsopano, n'kuziika ziwirizo pa benchi m'chigafa cha malemu. Kenaka anatulutsa chingwe chakuda, mutu wake wozungulira wokhala ndi timano tisanu, n'kulumikiza yakale ija ku yatsopano. Anati chiyankhulo chimene zida izi zimamvana amachitcha midi. Anatsitsiratu mawu a yakale ija, n'kudina batani.

Inu owerenga, tsitsi langa lonse, lotsala lomwe lija, linaima. Kiyibodi yatsopano, imene a Lufeyo sanaionepo, inayamba kuimba popanda woikhudza, ndipo oimbawo anali a Lufeyo. Sindikunena nyimbo ayi, nyimbo aliyense angaimbe. Ndikunena manja. Kuyamba mothamanga kuja ngati akuthawa mvula, kukanikiza kwa chala chachikulu, ndiye pofika pa mzere wachitatu, chala chokhota chija n'kufika mochedwa, mofewa. Ndinapezeka kuti ndavula chipewa.

Ndinagwira chingwe chija n'kuchiika kukhutu, kuyesa kuti ndimva nyimbo ikuyenda ngati madzi m'paipi. Munali zii. A Mbewe anaseka n'kundiuza kuti m'chingwemo simudutsa mawu ngakhale pang'ono, mumadutsa mauthenga okha. Yakale ija imauza inzake kuti, dina dzino lakuti, tsopano, ndi mphamvu yakuti. Kenaka imati, lisiye. Basi. Uthenga wa dzino, uthenga wa nthawi, uthenga wa mphamvu, zonse m'manambala, zikuthamanga kuposa kuphethira kwa diso. Ndinakumbukira kapitawo wa pa esiteti akukuwa kutsidya kwa munda. Mawu ake sankanyamula khasu, koma makasu onse ankagwa pamene iye wanena.

Pofuna kundionetsa, a Mbewe anatembenuza kabatani kena. Nyimbo yomwe ija inatuluka ngati malipenga. Anatembenuzanso, inakhala gitala. Kenaka limba lalikulu longa la m'matchalitchi a m'tauni, moti mapaso a chigafa ananjenjemera. Alamu anga, amene sanagwirepo lipenga moyo wawo wonse, anali kuliza lipenga ali m'manda, ndipo lipengalo linkatsimphina pa mzere wachitatu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti zaka zonse zija ndinkanyoza munthu wosalakwa. Bokosi lija silinasunge nyimbo ya kufakitale. Linasunga mmene munthu mmodzi anakhudzira mano aja masana ena, akudwala, dzino ndi dzino.

Munthu wanzeru akanathokoza n'kupita kukasenga nkhuni za amayi ophika. Koma ine pakamwa panandiyabwa. Ndinafunsa a Mbewe kuti, ngati zonsezi ndi mauthenga, kodi uthenga wochedwa sungauzidwe kuti ufulumire? Anati ungathe, pali batani lokokera dzino lililonse pa nthawi yake yeniyeni. Mbali ina ndinkafuna kuti abusa ndi alendo amve alamu anga akuimba mosalakwitsa kamodzi kokha. Koma ndisakunamizeni, mbali yaikulu inali chisereu chomwe chija. Ndinkafuna kuwapambana komaliza, ndiime pa chiliza n'kunena chamumtima kuti, alamu, batire lija ndakugulirani.

A Mbewe anakokera mauthenga onse m'kiyibodi yawo, anadina batani lija, ndipo nyimbo inatuluka yowongoka ngati mzere wa fodya wodzala ndi chingwe. Ndinati ibwezereni m'kiyibodi ya malemu kuti banja likhale ndi yabwinoyo. Bambo aja anandiyang'ana.

"Madala, m'yakaleyi malo ndi a nyimbo imodzi. Ndikaikamo iyi, inayo ifufutika. Kwanganso ndawongolera pomwepo. Mwafunsa eni ake?"

"Eni ake ndine," ndinatero. "Zolakwika tisungirenji?"

Anadina. Sipanamveke kalikonse, ngakhale kaphokoso. Chinthu chimene chinapirira fumbi ndi mphemvu chinachoka mwakachetechete, ine ndikumwetulira.

M'mawa mwake anthu anadzaza kumanda. Abusa atapemphera, nsalu itachotsedwa pa chiliza, kwaya inaima ndipo a Mbewe anayatsa zida zawo. Mizere iwiri yoyamba inayenda bwino. Pofika pa wachitatu, limba linadutsa pa nthawi yake, koma kwaya yonse inatsalira. Anayesa kuthamangira, ndime yachiwiri anatsaliranso pamalo pomwepo. Si kwaya yokha. Khamu lonse, agogo, ana, abusa amene, ngakhale ine mwini, tonse tinapuma pamene chala chija chinkachedwa. Zaka zonse zija mpingo wathu unaphunzira kudikira chala cha a Lufeyo osadziwa kuti ukudikira. Pamenepo m'pamene tinkakokera mpweya. Mudzi wathunthu unali kutsimphina ndi munthu mmodzi, ndipo tsiku limenelo tinadikira munthu amene ine ndinali nditamuchotsa.

Nyimbo itatha, Nagama sanalire. Anayenda pang'onopang'ono kufika pa benchi, anayang'ana kiyibodi ya amuna awo, n'kutembenukira kwa ine.

"Achimwene, mwatibweretsera ndani? Awa si bambo a kunyumba kwanga."

Ndinawauza zoona pomwepo, anthu akumva. Palibe ananditukwana, ndipo kukanakhala bwino akanatero. Nditawakokera pambali a Mbewe kuwapempha kuti abwezeretse, anati angathe kuchedwetsa dzino lija ndi dzanja lawo, koma kuchedwako kukhala kwa Mbewe, osati kwa Lufeyo. Kuchedwa kwa alamu anga sikunali kofanana ndime zonse. Pena kunali kwakukulu, pena kochepa, malinga ndi mmene chala chinkawawira ndi mmene mtima unkagundira tsiku limenelo. Manambala amenewo anali awo okha, ndipo palibe wina angawapeke.

Ndiye inu owerenga, makamaka inu akuluakulu anzanga amene mumaseka zida za masiku ano, musamazione mopepuka. Ine ndikaganiza mpaka lero ndimachita mantha osakanikirana ndi ulemu, kuti kachingwe kosalemera ngati ndodo ya fodya kangathe kunyamula kakhudzidwe ka munthu kuchoka m'bokosi lina kupita m'linzake, munthuyo atagona kale. Koma chimene chimasunga mosavuta chotero chimatayanso mosavuta chomwecho. Mukapatsidwa chinthu cha malemu, musachikonze musanafunse amene ankagona naye nyumba imodzi. Ngati n'kofunikadi kukonza, uzani mwini makina ayambe wasunga chakalecho padera. Ndipo chimene inu mukuchiona chokhota mwa mnzanu, muyambe mwafufuza kuti ndi angati amene amapumira pamenepo.

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndekha, kudzera m'minda, kuthawa maso a anthu. Nabanda anafika mochedwa atatha kutsuka mbale za alendo. Anayala mphasa, anazimitsa nyale, ndipo ine ndinagona chagada kudikira mlandu wanga, poti amene ndinamufufuta anali mlongo wake wa bere limodzi. Patapita nthawi ndinamva akutembenuka.

"Mwagona, a Phiri?"

Ndinati ayi.

"Inu ndi batani lanu lija simunamalize ntchito. Nthawi mwawongola, koma mphamvu munaiwala. Pa mzere wachitatu chala chija chagundabe mofewa, ine ndachimva. Alongo anga akadali momwemo, kungoti lero afika msanga. Mawa mulawire kwa alamu anga a Nagama, mukapepese, muwayatsire kiyibodi ija amvetsere bwino. Koma ine ndikadzatsogola, zokhota zanga mudzazisiye momwemo."