Zilembo Zakuya za Faustino Belleri

M'chigwa chathu chino cha Trompia, kuno ku Italy, mwana amazolowera kulira kwa tupa asanadziwe belu la tchalitchi. Faustino Belleri anakulira m'phokoso lomwelo, ndipo atangosiya sukulu bambo ake anamugwira dzanja n'kukamusiya pa kafakitale ka mfuti m'mbali mwa mtsinje wa Mella. Sanachokeponso mpaka mutu unayera.

Kafakitaleko kankapanga mfuti za m'manja zachikale, zija zothira onga wakuda n'kugogodera chipolopolo, zotsanzira zomwe Aamereka ankaphana nazo pa nkhondo yawo yapachiweniweni. Nkhondoyo inatha kalekale, koma zidzukulu zinali zisanakhute. Loweruka zinkavala yunifolomu zakale, kukafukizana utsi kudambo, kugwa ngati zafa, kenako n'kudzuka kukamwa mowa. Ife kuno tinkangowapangira mfutizo.

Kutsanzirako kunali kwa dzina lokha. Pamene mfuti yeniyeni inali ndi chitsulo, ife tinkaikapo mkuwa, chifukwa mkuwa umanyezimira ndipo suvuta kusema. Chogwirira tinkachikulitsa poti manja a anthu a lero ndi onenepa. Zina tinkazipanga ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chomwe msilikali wa nthawi imeneyo sanachilotepo n'komwe. Faustino zimenezi sizinkamusowetsa tulo. Wina akamuuza kuti mfuti yotere sinakhaleko m'mbiri, ankangokweza mapewa.

"Ndiye yakhalapo lero," ankatero. "Akufuna agogo awo onyezimira, tiwapukutire."

Ntchito yake inali yomalizira. Ankatenga chidindo ndi nyundo n'kukhoma mawu m'mbali mwa mpope wa mfuti, onena kuti mfutiyo ndi ya onga wakuda wokha, ndiponso kuti yapangidwa ku Italy. Mawu oyambawo si okongoletsa. Onga wa masiku ano, wopanda utsi uja, ndi waukali kwambiri; ukauthira mu mfuti yotere imakuphulikira m'manja. Faustino ankakhoma mawuwo osawaganizira, monga mmene munthu amamangira zingwe za nsapato. Madzulo ankasewera makadi kubala, Lamlungu n'kuwotcha mbalame pachitsulo, mkazi wake Orsola akutakasa polenta, nsima ya kuno. Unali moyo wopanda chodandaula.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bokosi kuchokera ku Amereka. Analitsegula ndi Ermanno, mwini fakitale, mwana wa malemu bwana wakale, yemwe Faustino anamuona akukwawa pansi pa mabenchi omwewo. Munali mfuti yawo ndithu, koma yong'ambika, kamgolo kothiramo onga katatseguka ngati duwa. Munthu anali atavulala, ndipo kumeneko ankati vuto ndi la opanga.

"A Tino, tabwerani kuno msanga," Ermanno anaitana Faustino, nkhope itagwa. "Ngati cholakwa chili chathu, apa ndiye tatseka."

Faustino anaitenga, naitembenuza, nayendetsa chala m'mbali mwa mpope. Panali see, posalala. Zilembo zake panalibe.

Nkhani yonse inadziwika patapita masabata. Amene anagula mfutiyo anali mmodzi wa ovala yunifolomu aja, ndipo zilembozo zinkamuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Msilikali wa makedzana angayende bwanji ndi mfuti yolembedwa Italy? Anazipala ndi tupa, nadetsa chitsulocho kuti chioneke chakale. Ambiri kumeneko amatero. Munthuyo atamwalira, mfutiyo inagwera mwana wa mlongo wake, mmisiri wa matabwa, yemwe za onga sankazidziwa. Anathiramo onga wa masiku ano umene anaupeza m'kabati. Zala zitatu zinapita.

Ermanno anatsegula botolo la grappa, kachasu wa kuno, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Tapulumuka, madala! Anafufuta okha. Imwani, mwatani kodi? Nkhope ngati mwaferedwa."

"Dzanja liti?" Faustino anafunsa.

"Dzanja la chiyaninso?"

"La mmisiriyo. Lamanja kapena lamanzere?"

Ermanno sankadziwa. Palibe amene anafunsa.

Faustino mlandu analibe, aliyense anamuuza choncho, ngakhale wansembe. Koma mtima unamuwawa, ndipo unapitiriza kumuwawa. Chimene chinkamudya n'chakuti pa mfuti yonse ija, mkuwa unali bodza, chogwirira bodza, dzina lenilenilo bodza, ndipo zonsezo ogula ankazilandira ndi manja awiri. Chinthu chimodzi chokha chonena zoona ndi chimene anachiona kuti chikuipitsa. Komanso ankadziwa kuti tupa sinavutike. Zaka zonsezo ankakhoma mopepuka, mwaulemu, kuti asawononge kukongola kwa mpope.

Sipanapite nthawi, wamalonda wa ku Amereka amene ankagula mfuti zawo zambiri anapempha kuti mawu aja azibisidwa kunsi kwa mpope, kuseri kwa kachitsulo kogogodera chipolopolo, kumene diso silifika. Ermanno anavomera.

"Lamulo likuti mawu akhalepo, silikunena kuti akhale pati," anatero. "Anzathu onse ayamba kale kutero."

"Ermanno iwe, chenjezo lobisa ndi chenjezo? Ukamaona mwana akuthamangira kumtsinje umanong'ona?"

"Ayi, musandilalikire, a Tino. Anthu makumi awiri amadya pano. Wamalondayu akatithawa mudzawadyetsa ndinu?"

Sitinganame kuti Ermanno ankalankhula zopusa. Anthuwo analipodi, ena ndi ana akhanda.

Mawa lake panali mipope yodzaza bokosi ikudikira chidindo. Faustino anavala epuloni, nasiya nyundo yake ya masiku onse, natenga yaikulu ya osula. Anaika chidindo m'mbali, pamalo akale pomwe, n'kumenya. Anzake anatukula mitu chifukwa kulira kwake kunali kwachilendo. Zilembo zinalowa mwakuya, m'mphepete mwake chitsulo chitatukumuka, zonyansa zedi. Anatenga mpope wachiwiri. Pamene Ermanno ankatsika mu ofesi n'kuti bokosi litatsala pang'ono kutha.

"Mwapenga kodi? Mwandiphera katundu!"

"Mfuti zili bwinobwino, bwana. Ziomba."

"Agula ndani zimenezi?"

"Amene akufuna kuombera, osati kujambulitsa."

Sanamuchotse ntchito. M'chigwa chino munthu amene ananyamula bokosi la maliro a bambo ako sumuthamangitsa. Anangomusamutsira kolongedza, kumakatoni ndi mapepala a mafuta, ndipo chidindo anachipereka kwa makina atsopano olemba tizilembo tosaoneka, kunsi kuja. Mfuti zonyansazo wamalonda anazikana, zinagulitsidwa motchipa kwina, ndani akudziwa kuti zili kuti lero. Kwa munthu amene wagwira nyundo moyo wake wonse, kumata makatoni ndi manyazi, ndipo Faustino anawamva manyaziwo mpaka tsiku lopuma ntchito. Kubala kuja anzake ankamuseka kuti wakwezedwa udindo.

Orsola ndiye sanamunyengerere. Lamlungu lina akusenda mbatata anamuyang'ana mwamuna wake atakhala pakhonde.

"Tino, iwe ndi mutu wako woumawo. Wataya benchi lako chifukwa cha bokosi limodzi. Ukuganiza kuti kumeneko alibe tupa? Adzafufutabe."

"Adzafufuta, inde."

"Ndiye wapindulanji?"

Faustino anayang'ana manja ake.

"Zija sizichoka ndi kupala kawiri katatu," anatero. "Adzakhala nazo tsiku lonse, thukuta lili kamukamu, maso ali pomwepo. Akamadzamaliza adzakhala atawerenga. Mwina akamadzaisiyira mwana wa mlongo wake, adzamuuza ndi pakamwa."