Tsiku Lomwe Thovu Silinatuluke

Amalume anga sankaikhulupirira satifiketi yanga. Ndinabwera nayo kuchokera kunyanja, komwe ndinakhala zaka zitatu pa loji ina ndikunyamulira alendo mabotolo a mpweya, mpaka eni ake anandimvera chisoni n'kundiphunzitsa nanenso kubira pansi pa madzi. Nditawaonetsa, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anafunsa ngati ng'ona za mu Shire zimatha kuwerenga. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linatha. Ndinasanduka "a Satifiketi", ndipo ulemu umenewo unkandiwawa kuposa kunditukwana.

Komabe ndi iwo omwe ankandiwolotsa m'mawa uliwonse. Ife tinkakhala tsidya la Machinga, ntchito ili tsidya la Balaka, pa sikimu ina yothirira mbewu pomwe mapaipi okoka madzi ankatsekeka ndi namasupuni ndi matope. Ntchito yanga inali yolowa pansi n'kukachotsa zinyalalazo. Yawo inali yokhala m'bwato pamwamba panga, maso ali pa thovu. Munthu akamapumira botolo wamba, mpweya uliwonse umene watulutsa umakwera n'kukaphulika pamwamba, ndipo amalume ankalitsata thovulo kulikonse kumene lalowera. Likamabwera mwakamodzikamodzi ankadziwa kuti ndili bwino. Likachulukana ankadziwa kuti ndikulimbana ndi kanthu. Ndikatuluka ankandiuza zimene ndimachita pansipo ngati tinali limodzi.

"Lero mwachita mantha kawiri, a Satifiketi."

"Iyayi amalume, ndimazula muzu."

"Muzu suthamangitsa mtima choncho. Mwaona chipika n'kuchiyesa ng'ona."

Chokwiyitsa n'chakuti ankalondola.

Chaka chimenecho chinali cha njala ija tinkaphika mango osapsa ndi kukumba nyika m'madambo. Gaga amene kale tinkamwazira nkhuku anasanduka ufa wa anthu, nkhukuzo zitapita kalekale. Amalume, omwe anali msodzi moyo wawo wonse, anagulitsa maukonde n'kutsala ndi bwato lokha. Chimene chinkatiimika chinali mbale ya masana, chifukwa aliyense wogwira ntchito pasikimupo ankalandira mpunga ndi nyemba. Ine ndinkadya yanga yonse mpaka kunyambita zala, ndikudziuza kuti madzi amadya mphamvu. Amalume ankadya theka. Linalo ankakulunga m'tsamba la nthochi n'kulowetsa m'malaya, pamimba, kukapatsa akazi awo, azakhali, omwe mapazi anali atayamba kutupa. Ndiye kapitawo wa pasikimupo anali atayamba kuyang'ana mbale zija ndi diso lina, n'kumafunsa kuti kodi aliyense wokhala pamzerewo ali ndi ntchito yeniyeni.

Vuto la eni sikimu linali mabotolo anga. Ankatha msanga, ndipo kowadzaza kunali kutali. Choncho anaitana mphunzitsi wina wa ku Nacala, yemwe anabwera pa sitima kudzera ku Nayuchi ndi mabokosi awiri akuda. M'mabokosimo munali makina opumira amene ine ndinkangowamva m'nkhani. Munthuyo ankalankhula Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo pamalopo wochitolera ndinali ine ndekha.

Anandikhazika pansi masiku awiri tisanakhudze madzi. Makinawo, anatero, sataya mpweya. Umene watulutsa umalowa m'kathumba, n'kudutsa m'timiyala toyera tofanana ndi laimu wa ku Balaka, timene timayamwa zoipa zake. Kenako makinawo amathiramo mpweya wabwino pang'ono n'kukubwezera womwewo. Padzanja umavala kawotchi kosonyeza ngati mpweyawo udakali wabwino, ndipo uyenera kukayang'ana pafupipafupi chifukwa ukaipa sumva kupweteka, umangogona. Malamulo ake anali ambiri, koma awiri ankawabwereza mpaka kutopetsa: usatulutse mpweya m'mphuno chifukwa ukuwononga, ndipo usachotse chopumira kukamwa usanachitseke.

Nditawafotokozera amalume za mpweya wobwerezawo, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti njalayi yafika ndi pa mpweya pomwe? Tayamba kusunga mkute wake?"

Koma chinthu chimodzi sindinawauze. Mpweya ukapanda kutayidwa, thovu silituluka. Mphunzitsi uja anali atandifunsa kuti mkulu wa m'bwatoyo ntchito yake n'chiyani, ndipo nditanena kuti amayang'ana thovu, anaseka n'kunena kuti tsopano adzapuma. Anaseka mopanda choipa mumtima, koma kapitawo anali pomwepo, ndipo kuseka sikufuna womasulira.  Ndinaona mbale ya amalume ikuchoka pamzere, ndinaona mapazi a azakhali. Ndinaganiza kuti amalume akangokhala m'bwatomo tsiku loyambalo, akuoneka otanganidwa monga mwa masiku onse, mwina nkhaniyo izizira yokha. Ndinkadziwanso kuti atamva kuti alibe choyang'ana, akananyamula nkhafi yawo n'kubwerera kwawo, chifukwa sanali munthu wodya mbale imene sanaigwirire ntchito.

Tsiku loyesa linafika. Tinalowa titadya masana, m'kadziwe kabata pafupi ndi mapampu, komwe pakamwa pake tinatchinga ndi waya kuopa ng'ona. Kuya kwake kunali kwa anthu atatu oimirira. Tili m'bwato, mphunzitsi anati, "Muuze mkuluyu kuti thovu saliona, asadandaule."

Ine ndinatembenuka n'kunena kuti, "Akuti muziyang'ana monga mwa nthawi zonse, amalume."

"Ndiye amafuna ndiziyang'ana kuti, kumwamba?" anayankha, akukonza kofiya yawo.

Tinatsika awiri, ine ndi mphunzitsi, aliyense ndi makina ake. Apa ndi pamene satifiketi inandithawa. Ndi botolo wamba, chifuwa ndicho chiwongolero: ukakoka mpweya wambiri umakwera pang'ono, ukatulutsa umatsika. Zaka zonsezo thupi langa linkachita zimenezi osandifunsa. Koma ndi makina amenewa mpweya umangochoka m'chifuwa kupita m'kathumba, kulemera kwako kuli chimodzimodzi. Nditaona matope akuyandikira ndinakoka mpweya mwaukatswiri, kudikira kuti ndiime. Sindinaime. Ndinafika ndi nkhope, galasi lakumaso lonse bii. Mwamanyazi ndinathira mpweya wambiri m'jekete yondiyandamitsa, n'kuyamba ulendo wopita kumwamba miyendo ili patsogolo, mpaka mphunzitsi anandigwira phazi n'kundibweza. Maso ake m'galasimo ankaseka. Ndinathokoza Mulungu kuti ulendo uno palibe thovu lokandineneza kwa amalume.

Matope atadikha, nanenso ndinadikha, ndipo ndinazindikira kuti kuli zii. Ndinali ndisanadziwe kuti zaka zonsezo ndinkakhala m'phokoso. Botolo wamba limalira pokoka, limabangula potulutsa, ndipo mpweya wake ndi wouma, wozizira, wokanda kukhosi. Uwu unali wofunda, wachinyezi, wanga womwe. Ndinkamva mchenga ukukhukhuluzika pansi. Nsomba zimene nthawi zonse zinkandithawa zinabwera kudzandiyang'ana. Chambo china chonenepa, chimene njala sinachikhudze n'komwe, chinaima pafupi ndi galasi langa moti ndikanatha kuwerenga mamba ake. Ndinene zoona, sindinaganize za kukongola kwa chilengedwe. Ndinaganiza za mchere ndi tomato.

Kenako ndinamva kugogoda. Go, go. Patapita kanthawi, go, go. Inali nkhafi ikumenya m'mbali mwa bwato. Ndinadabwa, chifukwa ndinali ndisanakumvepo. Kugogodako kunayamba kufulumira, ndipo ndinadziwa bwino lomwe chimene chinkachitika pamwambapo. Ndikanatha kungotulutsa mpweya pang'ono m'mphuno, thovu likanakwera, nkhani ikanathera pomwepo. Koma mphunzitsi anali patsogolo panga akundiyang'ana, ndipo ndinkafuna aone kuti lamulo lake ndalisunga. Ndinayang'ana kawotchi kanga ngati munthu wotanganidwa kwambiri. Mpaka lero ndikakumbukira mphindi imeneyo ndimachita manyazi.

Kugogoda kunasiya. Ndinamva phokoso lalikulu pamwamba, ndipo pasanapite nthawi tinthu toyera tinayamba kutsika pang'onopang'ono kudutsa pa galasi langa. Poyamba ndinayesa timiyala ta m'makina tatayika. Nditaona nyemba ndi pamene ndinazindikira. Unali mpunga. Tinsomba tinasonkhana kuchokera mbali zonse, chambo chija chili patsogolo, n'kuyamba kudya ndikuona. Pamwamba pa mpungawo pankabwera amalume, mutu pansi, maso ali tong'o, malaya atafutukuka, manja akupapasa m'madzi.

Anandigwira lamba wa paphewa n'kuyamba kukoka. Mphamvu analibe. Munthu wa zaka zawo, wodya theka la mbale patsiku, anali atafika kale pamapeto a mpweya wake, koma dzanjalo silinkamasuka. Ine ndi mphunzitsi tinawagwira m'khwapa n'kukwera nawo. Titangotulukira ndinalavula chopumira kuti ndikuwe, osachitseka, madzi n'kudzaza makina a eni ake. Malamulo aja anali awiri, ndipo ndinasunga lolakwika.

Tinawagoneka pamtunda chammbali, akusanza madzi. Kofiya yawo inkayandama yokha pakati pa dziwe. Kapitawo anabwera akuthamanga, ndipo asanafunse n'komwe ngati munthu ali moyo, anayamba kunena kuti izi ndi zomwe ankanena, nkhalamba pamalo a ntchito. Mphunzitsi anamuimitsa ndi dzanja. Anandifunsa ngati ndinawauza amalume za thovu, ndipo ndinavomera kuti sindinawauze. Pamenepo anandipatsa mawu ena a Chipwitikizi amene sindinafune kuwamasulira. Atatha anauza kapitawo kuti makinawa akamupha munthu amamupha mwakachetechete, ndipo iye sangalole aliyense kulowa nawo popanda munthu ngati ameneyu m'bwato. Anati kuyambira mawa ndizimangirira chingwe m'chiuno, kumapeto kwake kuli chigubu choyandama, mkuluyo azitsata chigubucho. Ulendo uno ndinamasulira mawu onse, osasiyako ngakhale amodzi.

Amalume anamvetsera, akupumira m'mwamba. Kenako analowetsa dzanja m'malaya, n'kutulutsa tsamba la nthochi lopanda kanthu. Analiyang'ana, n'kulipinda bwinobwino ngati lingagwirenso ntchito.

"Muuze mnzakoyu kuti makina akewa ngopanda ulemu," anatero. "Munthu akalowa m'nyumba amayankha odi."

Pobwerera ndinapalasa ndine. Tinafika pakati pa mtsinje, iwo atakhala kutsogolo, kofiya yonyowa ili pabondo. Ndinayamba ndine kulankhula.

"Pepani amalume. Ndimaopa kuti mukadziwa musiya, mbale ija ipita."

"Mbale?"

"Eee. Kapitawo uja..."

"Iwe." Aka kanali koyamba patapita zaka kunditchula choncho, osati a Satifiketi. "Ukuganiza kuti ndimawoloka mtsinje uno tsiku lililonse chifukwa cha mpunga? Mpungawo ndi wa azakhali ako. Ine ndimabwerera thovu. Mayi ako anandisiyira iwe, sanandisiyire nyemba."

Ndinapitiriza kupalasa, maso ali m'madzi. Ndinawafunsa za kugogoda kuja, ngati anayamba tsiku lomwelo chifukwa cha mantha. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Chiyambire ntchitoyi ndimagogoda. Thovu likatuluka, ndimayankha. Ndiye kuti zaka zonsezi ndimalankhula ndekha?"

"Sindimamva, amalume. Botolo lija limasokosa."

"Wallahi, satifiketi yako ija ndi ya munthu wogontha." Anapukusa mutu. "Tsono za mpungawu ukawafotokozere wekha azakhali ako. Ukawauze kuti chakudya chawo chadyedwa ndi chambo, iwe ukuonerera."

Ndinakawafotokozera ndithu, nditagwada pakhonde. Azakhali sanakalipe. Anangofunsa ngati amuna awo amwa madzi ambiri, kenako anafunsa ngati chambocho tinabwera nacho. Tsiku limenelo anagona ndi mango ophika, pamene ine m'mimba mwanga munali mbale yathunthu. Kuyambira mawa lake masamba a nthochi anakhala awiri, lina m'malaya mwawo, lina m'chikwama changa.

Makina aja ndinawazolowera patapita milungu. Ndinasiya kugwa ndi nkhope, ndinaphunzira kutseka chopumira, ndipo chigubu chinkanditsata pamwamba monga ananenera mphunzitsi. Amalume ankachitsata, koma sanachikonde. Ankati chigubu chimayandama chimodzimodzi kaya chamangidwa kwa munthu wamoyo kaya kwa mtembo.

Ndiye lamulo limodzi lija ndinaliphwanya dala mpaka ntchitoyo inatha. Nthawi ndi nthawi, ndili pakati pozula namasupuni, ndinkatulutsa mpweya pang'ono m'mphuno. Mphunzitsi akakhala pafupi ankandiloza chala, kusonyeza kuti ndikuwononga, ndipo m'chaka ngati chimenecho kuwononga kanthu kalikonse kunali tchimo ndithu. Ine ndinkangoyang'ana kumbali, manja ataima, ndikudikira kuti thovulo lifike pamwamba. Kenako nkhafi inkayankha kawiri, go, go, ndipo ndinkapitiriza ntchito.