Gitala ya Alamu

Tsiku limene dzanja la a Nicanor Equihua linakanirira m'mimba mwa gitala, msewu wonse wopita kumsika unasiya ntchito. Gitalayo sinali yawo ayi. Inali ya alamu awo a Fulgencio, ili pathebulo m'sitolo, isanaikidwe nsambo. A Nicanor analowa m'sitolomo akuti akudzapereka moni kwa mlongo wawo Otilia, amene anakwatiwa pamenepo. Otilia atangotembenuka kukatenga khofi, iwo dzanja lowetsu pabowo, kufuna kupapasa timitanda ta m'kati kuti adziwe mmene mlamuyo amatisemera. Kulowa linalowa. Kutuluka ndiye kunavuta.

Ine ndinafika Otilia akupaka sopo pamkono wa achimwene akewo, anthu atadzaza pakhomo. Eni sitolo anatulukira, nkuima, manja m'thumba.

"Alamu, mukadangondifunsa," anatero a Fulgencio. "Kapena mwaikonda, muzipita nayo kutchalitchi chomwecho?"

"Munali kangaude m'katimu. Ndimakuchotserani."

"Ndiye mwamugwira kapena wakugwirani ndi iye?"

Dzanja linatuluka, gitala sinasweke, ndipo a Nicanor anapita kwawo akununkhira sopo wochapira. Papita zaka khumi, koma mpaka lero ana akafuna kuwaputa amangofunsa za kangaude.

Kuno ku Paracho, tauni ya opanga magitala, tonse tinakulira mu utuchi, koma si onse tinatuluka amisiri. A Nicanor anatuluka mmisiri weniweni. Anayamba kugwira mpeni wosemera ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pambali pa bambo awo, ndipo lero tsitsi lili mbuu akadali m'kachipinda komweko kuseri kwa nyumba. Amapanga magitala asanu ndi atatu pachaka, osapitirira. Thabwa asanalicheke amaligogoda pafupi ndi khutu kwa sabata yathunthu, ngati munthu wofunsira mbeta. Akazi awo a Hermelinda amati pa moyo wawo wonse sanamvetseredwepo mmene amamvetseredwera matabwa a mkungudza.

Vuto la a Nicanor ndi limodzi, ndipo limakhala patsidya pa msewu. A Fulgencio manja awo ndi apakatikati, koma pakamwa Mulungu anawapatsa modzaza. Sitolo yawo ndi yamagalasi, khoma lonse zithunzi atakumbatira oimba otchuka. Iwo akapenta chitseko, a Nicanor amadwala mutu. Akagula galimoto, a Nicanor amayamba kuphunzitsa anthu ubwino woyenda pansi. Mlendo akatuluka m'sitolomo ndi gitala, amamutsatira ndi maso mpaka pokwerera basi, nkunena chapansipansi kuti, "Mvula ziwiri, khosi la gitalayo lipindika."

Pa zaka makumi asanu za ntchito, palibe katswiri ngakhale mmodzi amene anakwerapo pansanja ndi gitala ya dzina lawo. Chilonda chawo ndi chimenecho. Magitala awo amagulidwa ndi aphunzitsi, oimba m'maukwati, ndi wansembe wina amene amadziwa nyimbo zitatu. Komabe gitala iliyonse asanaitseke, amajambula kambalame ndi pensulo kunsi kwa thabwa lapamwamba, nkulemba chaka. Malo amenewo sapenyeka, pokhapokha utalowetsa kagalasi. Zimenezi ndi chinsinsi, ndipo tonse timazidziwa chifukwa a Hermelinda anauza a Casilda ogulitsa atole, phala lakumwa la chimanga, oyandikana nawo nyumba.

Pali chinanso chimene iwo sakonda kukumbutsidwa. Chaka chimene mwana wawo wamkazi anabadwa zinthu zinathina, ndipo anachita zimene amisiri ambiri kuno amachita zikavuta: anagulitsa magitala oyera. Gitala yoyera ndi yosapakidwa vanishi, mutu wosasemedwa, yopanda pepala la dzina m'kati. Wogula amamaliza yekha nkumatapo dzina lake. Anagulitsa asanu ndi imodzi, ndipo wogulayo anali mlamu. Nkhaniyo anaikwirira kotero kuti iwo eni anaiwala manda ake.

Ogasiti wathayu, pa chikondwerero cha magitala, kunabwera akatswiri atatu oimbira limodzi: amuna awiri akunja ndi mayi wina wa mumzinda wa Xalapa, dzina lake Dalia Montaño, amene ndiye mtsogoleri wawo. A Nicanor anasankha gitala yawo yabwino koposa, anaipukuta masiku awiri, nkuitumiza kumene alendowo anafikira kuti aiyese. Inabwerera mawa lake ndi kapepala ka mawu awiri: zikomo kwambiri. Anakawerenga kapepalako kasanu, kufunafuna mawu achitatu.

"Sindipitako," anauza akazi awo. "Nyimbo za masiku ano ndi kuthamangitsa zala basi."

Loweruka masana, mvula ikuwaza, anali oyamba pamzere wolowera m'holo yoimbiramo, atavala jekete la paukwati. M'thumba munali kagalasi kawo kampini, konga ka dokotala wa mano, ndi katochi.

Ife a kuno sitimvera nyimbo ngati anthu ena. Oimba akamalowa, alendo amayang'ana nkhope, ife timayang'ana mitu ya magitala, chifukwa mmisiri aliyense ali ndi kasemedwe kake. Amuna awiri aja anali ndi magitala akunja, ndipo holo yonse inapuma bwino, poti akunja sitipikisana nawo pamsika. Kenako analowa mayi Dalia. Mutu wa gitala yawo unali wa timapiri titatu, kapakati kotalika, kasemedwe kamene tonse timakadziwa. Makosi onse anatembenukira kwa a Fulgencio. Iwo anadzuka pang'ono pampando nkuwerama, ngati m'manja akuombera iwo.

Ndinakhala kumbuyo kwa a Nicanor, ndipo ndinaona makutu awo akufiira.

Nyimbo zinayamba. Ine si woimba, koma zimene anachita anthu atatu aja sindidzaziiwala. Mmodzi amayamba kanyimbo, wachiwiri nkumulanda pakati, wachitatu nkuwathamangitsa onse awiri, zala zosaoneka, kenako onse nkuima pamodzi ngati agwidwa pakhosi. Ndiye m'kachetechete momwemo gitala ya mayi uja imalankhula yokha, mawu okhuthala pansi, pamwamba oyera ngati madzi a pakasupe. Magitala akunja aja amamveka bwino, koma iyi imafika mpaka kwa ogulitsa chimanga pakhomo.

Phazi la a Nicanor limagunda pansi motsatira nyimbo. Atazindikira, analiponda ndi linzake. Pa nyimbo yachitatu anatulutsa kansalu nkupukuta m'maso.

"Mukulira, bambo?" anafunsa a Hermelinda.

"Ndi vanishi wa mlamu uja. Akundiwawa m'maso."

"Kuchokera kutsogolo konse kuja?"

"Amapaka wambiri, kubisa zolakwa."

Kuyambira pamenepo sanatsekenso pakamwa. Nsambo yachitatu yafa. Thabwa ndi lokhuthala. Mayiyo akuvutika, taonani mmene akukanikizira, ndi luso lake lokha likumupulumutsa. Pa nyimbo yomaliza oimba anakwera, anakwera, phokoso lili pwirikiti, ndipo a Nicanor anakweza mawu kuti akazi awo amve. Atatu aja anaima mwadzidzidzi, monga amachitira. M'holo yonse munamveka liwu limodzi lokha:

"Ikulira ngati chitini cha mafuta!"

Mayi Dalia anakweza maso, anawapeza, nkumwetulira. Kenako anamaliza nyimbo.

Mwambo wathu ndi woti zoimba zikatha amisiri amapita kutsogolo, oimba nkuwalola kugwira magitala. A Fulgencio anafika oyamba, atakonza kale tsitsi kudikira chithunzi.

"Ndinu a Fulgencio?" anatero mayiyo. "Ndabwera chifukwa cha inu. Gitala iyi ndinaigula kwa mphunzitsi wanga zaka makumi awiri zapitazo. Ndayesa ena anu ambiri, palibe yofanana nayo. Yayamba kutopa. Ndikufuna mundipangire inzake, yolira chimodzimodzi."

A Fulgencio anati palibe vuto, koma anayamba kutuluka thukuta, ndipo kunja kumazizira.

A Nicanor sanapirire. Anakankha anthu ndi zigongono. "Mayi, pepani, musanataye ndalama zanu. Ndiloleni ndikuonetseni m'kati, muone mmene anthu ena amamatira."

"Alamu, sopo tilibe pano," anatero a Fulgencio, anthu nkuseka.

"Ndabwera ndi galasi."

Mayiyo anamasula nsambo ziwiri. A Nicanor analowetsa kagalasi, anayatsa katochi, anatsinzina diso limodzi. "Taonani kamtanda aka," anayamba, nkuima. Anatembenuza kagalasi. Anakatulutsa, anakapukuta pajekete, anakabwezeramo. 

"Mwapeza kangaude?" wina anafunsa kumbuyo.

A Hermelinda analanda kagalasiko nkusuzumira. "Mayo ine! Kambalame! Ndi chaka chobadwa Lucina wathu!"

"Ndi yanga!" anakuwa a Nicanor. "Gitala iyi ndi yanga! Thabwa ili ndinaligogoda ndine!"

Onse tinayang'ana a Fulgencio. Iwo anayang'ana kudenga, kenako nsapato zawo. "Mutu ndinasema ndine," anatero. "Ndi vanishi."

"Vanishi uja amawawa m'maso?" anafunsa a Hermelinda, ndipo amuna awo anawayang'ana moipa.

Mayi Dalia anasuzumira nawonso, anakhala kanthawi akuyang'ana kambalameko. Kenako anafunsa mofatsa, "Bambo, si inu munati ikulira ngati chitini?"

"Ndimanena chitini chabwino, mayi. Zitini zakale zija."

Holo inagwa ndi kuseka, ndi amuna akunja aja omwe, ngakhale sanamve zonse. Mayiyo anapukuta misozi nkunena kuti ndiye inzake ija aipange a Nicanor, aikemo dzina lawo, ndipo adzaiimba pansanja yomweyi chaka chamawa. Koma ikhale yolira ngati iyi, osati ngati imene anatumiza kuja, yomwe inali yabwino koma yamanyazi. A Fulgencio anapempha chithunzi ndi mayiyo, ndipo anachipachika m'sitolo Lolemba. A Nicanor akuonekamo khutu lokha.

Mwina mukuganiza kuti munthu uja anachira. Ine ndimadutsa pakhomo pawo tsiku lililonse. Kuchokera Ogasiti apanga magitala atatu a mayi Dalia, ndipo onse atatu awapachika kudenga, akuti sakufanana ndi ija. Dzina la a Fulgencio silimvekanso m'nyumbamo. Tsopano amadandaula za mmisiri wina, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, amene anapanga gitala ija mothamanga, mwana akulira m'chipinda china, guluu wotsala pang'ono.

"Analibe nzeru ameneyo," anatiuza Lachisanu lapitali, titaima pa mphika wa a Casilda kumwa atole. "Samadziwa nkomwe chimene akuchita. Thabwa lotchipa, mpeni wobuntha. Anangochita mwayi basi. Ine lero ndikudziwa zambiri kuposa iye, nanga bwanji iyeyo ndiye aziomberedwa m'manja?"

A Casilda, amene akhala akumva kugogoda kwa matabwa kudzera pakhoma lawo zaka makumi atatu, anawalanda kapu isanathe nkuitsuka.

"A Nicanor, mwatha anthu onse a m'tauni muno, tsopano mwayamba kuchitira nsanje manja anu omwe. Pitani mukapange gitala ya mayi uja, Ogasiti sadikira."