Amayi Amalavula Vinyo

Kachidebe kaja kanali kachitsulo, kopindika pang'ono kukamwa. Kankakhala pansi pa tebulo m'sitolo ya vinyo mumzinda wa South Bend, kutsidya kwa nyanja, komwe amayi ankagwira ntchito yolawa ndi kugulitsa vinyo. Ndikaweruka kusukulu ndinkawadikira m'chipinda cha makatoni, n'kumawasuzumira akununkhiza tambula, kupsontha pang'ono, kuyendetsa m'kamwa, kenako pyee! m'kachidebe. Sankameza. Aliyense wofuna kutsutsa abwere, ine ndinalipo.

Inali nyengo yomwe masamba amafiira n'kuyoyoka, ndipo kusitolo kunabwera vinyo wotchedwa Zinfandel, wochokera m'munsi mwa mapiri a ku California. Amayi anamukonda zosabisa. Kwa makasitomala ankamufotokoza m'Chingerezi, koma kwa ine ankanena m'Chichewa, n'kundipatsa chotsekera botolo kuti ndinunkhize. Ankati muli mabulosi opsa mpaka kuda, muli tsabola wakuda woyabwa kumapeto kwa lilime, ndipo pansi pake pali fungo la fumbi lofiira la ku Dedza mvula yoyamba ikangowaza. Ankati ndi vinyo wamakani, wotentha pakhosi, chifukwa mitengo yake ndi nkhalamba zosathiriridwa zomwe zimadzifunira zokha madzi m'miyala. Paphava limodzi, ankatero, mphesa zina zimakhala zitauma, zina zitapsa bwino, zina zikadali zowawasa, ndipo zonsezo zimaponderedwa limodzi.

Lamlungu lililonse tinkayenda ulendo wautali wa ku Indianapolis, kukapemphera ndi Amalawi anzathu. Amayi ankatsogolera nyimbo pakati pa amayi a mpingo, atavala yunifolomu yawo ya bulauzi yoyera ndi duku loyera. Mawu awo, abale inu! Munthu umaiwala kuti panja pali chisanu.

Tsiku lina aphunzitsi a Sande sukulu anatifunsa ntchito za makolo athu. Anzanga anayankha m'Chingerezi, anamwino, anamwino, adokotala. Ine, pofuna kuonetsa kuti Chichewa ndimachitha, ndinaimirira n'kunena monyadira kuti amayi anga amalavula vinyo. Aphunzitsi anagwira pakamwa. Pofika nthawi ya tiyi, kulavula kuja kunali kutasanduka kumwa, ndipo pokwera galimoto amayi anali atasanduka chidakwa. Mpaka lero sindipepesa. Ndinanena zoona, bodza anawonjezera ndi akuluakulu.

Amalume, omwe anali mkulu wa mpingo, anabwera kwathu Loweruka lotsatira. Anakana tiyi. Anati nkhani yakambidwa, ndipo amayi asankhe chimodzi, sitolo kapena bulauzi yoyera. Anati kumalo osamalira okalamba ntchito ilipo yambiri, yaulemu, ngati ya akazi anzawo.

Amayi sanakweze mawu. Anatenga botolo la Zinfandel, anathira pang'ono m'tambula n'kuika patsogolo pa amalume.

"Achimwene, musamwe. Ingonunkhizani, mundiuze ngati simukumva kwathu."

Amalume anakankha tambula ija ndi chala chimodzi.

"Achemwali, mowa ndi mowa. Musatichititse manyazi kudziko la eni."

"Okalamba ndawasambitsa mpaka msana wanga unatha, ndipo palibe anabwera kudzandiyendera," amayi anatero. "Lero ndapeza ntchito yomwe mphuno yangayi imaidziwa, ndiye mwabwera. Kauzeni kuti kusitolo sindichoka."

Atatero anakweza tambula ija, anapsontha, anayendetsa m'kamwa maso ali pa amalume, n'kukalavula m'sinki. Ine ndinaseka mpaka kugwa pampando. Amalume anatenga chipewa chawo.

Ku Indianapolis sitinapitenso. Ineyo ndinakondwa, ulendo uja unkanditopetsa, ndipo ndinkaona kuti tapambana. Amayi anapitiriza ntchito, anthu n'kumabwera kuchokera ku Chicago kudzamva mayi wa ku Malawi akufotokoza za vinyo wa m'mapiri. Lero ndine wamkulu, ndipo ndikunenabe kuti sanalakwe. Akanati andifunse, ndikanawagwirira kachidebe kaja ndi manja awiri.

Koma panali chinthu chimodzi chomwe chinkandizunguza mutu. Loweruka lililonse madzulo amayi ankatulutsa bulauzi yoyera ija, n'kuisita mosamala, kolala, manja, mpaka duku lomwe, akung'ung'udza nyimbo chapansipansi. Akamaliza ankaipachikanso m'kabati. Ndinawafunsa kamodzi chifukwa chomwe ankasitira chovala chosapita kulikonse. Anangoti ndikatsuke mbale. Ine ndinkaganiza kuti amayi amangodana ndi makwinya.