Wadya Keke

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi ananditumiza kukakhala kwa azakhali anga, a Nabanda, kufupi ndi Nachisaka. Kwathu kunali kumapiri a ku Ntchisi, ndipo ana tinalipo asanu pa nkhokwe imodzi. Atate, amene anali telala, anali atatengedwa chaka cham'mbuyo mwake pa tsiku la msika. Makina awo osokera anabwera okha pangolo, atakulungidwa m'chiguduli. Palibe anatiuza chifukwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo munthu akatengedwa, dzina lake linkapita naye. Ngakhale achibale ankangoti "ajawa".

Kwa azakhali n'kumene atate anabadwira, choncho aliyense ankadziwa kuti ndine mwana wa yani. Kusukulu anzanga sankandimenya kapena kunditukwana. Ankangondisiyira malo. Tikakhala pansi m'kalasi, mbali zanga zonse pankatsala mpata woti n'kukhalapo mwana wina. Nthawi yopuma ndinkatsamira chipupa cha kuseri, kumene mphepo ya mwera sinkafika kwambiri, ndikukukuta chimanga chokazinga n'kumamvetsera anzanga akusewera.

Ana a pasukulupo anali ndi kalankhulidwe kawo ka zilembo. Woyenda chosavala nsapato padzuwa la Okutobala anali P.P., Pansi Pakuotcha, ngakhale pafupifupi tonse tinali a P.P. Wometedwa mpala ndi lumo anali M.M., Mutu Mbee. Koma mawu otchuka kuposa onse anali K.K., amene ankawatchula kuti keke. Mwana akachedwa, kapena akaiwala khasu tsiku la ntchito, aphunzitsi n'kumubweza, kalasi yonse inkanong'ona kuti, "Wadya keke!" Tanthauzo lake linali Kubwerera Kunyumba. Ambiri a ife tinali tisanaonepo keke weniweni, ndipo mwina n'chifukwa chake zinkaseketsa chotero.

Ndinayamba kulemba mawuwa kumasamba omaliza a kope langa la masamu. Kenaka ndinaganiza kuti nditadziwa amene anayambitsa keke, ndingakhale ndi nkhani yoti anzanga atembenuke n'kundimvera, ngakhale kamodzi kokha.

Ndinayambira kwa Rozina, mtsikana yekhayo amene ankandibwereka labala.

"Iwe Rozina, za kekezi anayambitsa ndani?"

Anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. "Damiano wa Sitandade 8. Koma usamandiyankhule pagulu, amayi anandiletsa."

Damiano anali mnyamata wamtali wa ndevu zoyamba kumera. Ndinamudikira kwa masiku atatu panjira ya kumjigo ndisanalimbe mtima. Nditamufunsa anaseka, nati si iye. Anamva kwa achimwene ake kushedi ya fodya, ndipo kumeneko K.K. sanali Kubwerera Kunyumba ayi, koma Katundu Kubwezedwa, belo la fodya likakanidwa chifukwa chonyowa. Achimwene akewo anamva kwa a Chimphamba, oyendetsa ngolo, a kutsidya kwa dambo.

Loweruka ndinanamiza azakhali kuti ndikukatola nkhuni. Udzu wa m'dambo unali utauma, ukundicheka m'miyendo, ndipo njira yonse sindinakumane ndi munthu. A Chimphamba ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusema goli latsopano ndi kasemasema, ng'ombe zawo ziwiri zikubzikula chapafupi. Ndinagwada, ndinawalonjera, ndipo ndinafunsa funso langa monga ndinaliloweza m'njira.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Wayenda mtunda wonsewu chifukwa cha keke? Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Wa a Lukasi, telala."

Kasemasema anaima m'mwamba. Anamuika pansi pang'onopang'ono, nayang'ana kumsewu, nayang'ananso kuseri kwa khola. Kenaka anandiuza kuti ndisendere pafupi.

Anati pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani, kufunsa khadi la umembala aliyense wolowa. Wopanda khadi ankabwezedwa, kaya wasenza dengu la mtedza kuchokera kutali, kaya ndi nkhalamba yodzagula mchere wokha. Atate ankakhala pakhonde la sitolo ina moyang'anizana ndi chipatacho, akupalasa makina awo. Munthu akamadutsa wobwezedwa, nkhope ili pansi ndi manyazi, iwo ankati, "Pepani mayi, lero mwadya keke. K.K., Khadi Kulibe." Anthu ankaseka, wobwezedwayo nayenso ankaseka, n'kumapita mtima utapepukako.

"Wina anakazitula kumene sizinayenere kufika," anatero a Chimphamba. "Makina aja ndinanyamula ndine. Ndinayenda nawo tsiku lonse kukwera mapiri a kwanu, osayankhula ngakhale ndi ng'ombe zanga." Anatola kasemasema uja. "Za Katundu Kubwezedwa ndinapeka ndine. Ndinkafuna mawu a mnzanga asafe. Koma iwe mwana, wamva ndi makutu. Zisatsikire pakamwa."

Pobwerera ndinatola nkhuni zochepa chabe. Ndinkangobwereza mumtima kuti atate anga ndiwo ankaseketsa sukulu yonse. Nditafika ndinatsegula kope, ndipo pafupi ndi K.K. ndinalemba matanthauzo onse atatu, ndi dzina la atate lonse, ndi zilembo zazikulu. Kanali koyamba kuliona dzinalo litalembedwa chichokereni iwo.

Azakhali analipeza kopelo Lamulungu titachoka ku Misa. Sanaphunzire kwambiri, koma dzina la mlongo wawo analiwerenga. Ndinkayembekeza kukwapulidwa. Iwo anangong'amba tsambalo, naliponya pamoto, naimirira pomwepo mpaka linasanduka phulusa.

"Aphunzitsi akanaliona? Kapena mwana wa apampando a chipani?" anatero azakhali. "Ukufuna adzanditenge inenso? Ndiye udzakhala ndi yani, Felisita?"

Atakhala pansi pamphasa anadzifunditsa chitenje kumaso. Patapita nthawi ndinamva akuseka pang'ono mkati mwa kulirako. "Khadi Kulibe," ananong'ona. "Lukasi analibe mabuleki pakamwa chibadwire."

Lolemba ndinapita kusukulu ndili ndi nkhani imene ndinkaifuna ija, nkhani yoti kalasi yonse ikanatembenuka. Ndinakakhala pamalo anga, pakati pa mipata iwiri. Mnyamata wina anachedwa, anabwezedwa, ndipo manong'onong'o anayenda mzere ndi mzere. Rozina, amene amayi ake anamuletsa kuyankhula nane, anali kutchula mawu a atate anga, mano onse ali pamtunda. Ndinaweramitsa mutu. Zaka zitatu zotsatira ndinakhala choncho, ndikudziwa ndekha, osauza munthu.

Atate anatulutsidwa ndili Sitandade 8. Anabwera kudzanditenga kwa azakhali atavala jekete lowakulira, mano akutsogolo atachoka, ndipo ankayankhula motsitsa ngati m'chipinda muli wodwala. Tikupita kukakwera basi tinadutsa pasukulu. Kamtsikana kena kanatuluka m'kalasi kakulira, kope kumanja, ndipo pawindo ana anakuwa, "Wadya keke! Wadya keke!"

Atate anaima. Ndinaona dzanja lawo likufinya chingwe cha kachikwama kanga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti K.K., atate."

"Ndamva. Iwo amati n'chiyani?"

"Kubwerera Kunyumba."

Anayang'ana kamtsikanako mpaka kanakhota pa mpanda wa nkhadze. Milomo yawo inagwedera, ndipo ndinaganiza kuti aseka, koma sanaseke.

"Awakonza bwino," anatero. "Tiye, basi ingatisiye."

Sitinadzakambenso za nkhaniyi mpaka anamwalira, ndipo sanadziwe kuti ndinawoloka dambo kukawafunafuna.

Ndakhala mphunzitsi zaka zambiri tsopano, ndipo chaka chilichonse ana amabwera ndi zilembo zawo zatsopano zoseketsa. Sindiwaletsa. Nthawi zina ndimawafunsa amene anayambitsa, iwo n'kudabwa kuti mawu angakhale ndi mwini wake. Kale ndinkawasungira chakukhosi anthu a kwa azakhali, poganiza kuti anawataya atate ndipo anandisala ine. Lero ndimaona kuti akuluakulu ambiri ankadziwa bwino kumene keke anachokera. Ankamva ana awo akukuwa mawuwo m'misewu, ndipo ndi mantha onse amene anali nawo, palibe ndi mmodzi yemwe anawatseka pakamwa. Anali anthu amantha, inde, koma sanali oiwala, ndipo ndinachedwa kudziwa kusiyana kwa ziwirizi.